Mutu 4: Prisca Akwera Ndege ya ku Likoma

1. Nkhani ya pa asembule

Linali Lolemba m'mawa. Ana a pa sukulu ya sekondale yoyendera ya kufupi ndi Golomoti anali ataima m'mizere pa asembule, ena akupukuta fumbi m'miyendo. Madamu Maseko, mphunzitsi wa jogalafe, anakwera pa khonde la ofesi akumwetulira.

"Prisca Gidiyoni wa Fomu 3, bwera kutsogolo kuno," anatero.

Prisca anatuluka mu mzere. Sankadziwa chimene walakwa.

"Nonse mukudziwa kuti mnzanuyu amatola mankhusu a mpunga amene amatayidwa kuseri kwa chigayo," anatero Madamu. "Amawawotcha mu mgolo, n'kusakaniza ndi phala la ufa wa chinangwa, n'kuumba makala. Ena mwa inu munkamuseka kuti wapenga. Lero ndikuuzeni kuti makala akewo apambana pa mpikisano wa bungwe loteteza mitengo ndi nyanja. Prisca waitanidwa ku msonkhano wa achinyamata pa chilumba cha Likoma, ndipo ine ndimuperekeza."

Ana anawomba m'manja. Madamu anakweza dzanja kuti akhale chete.

"Sindinamalize. Sitikwera sitima yapamadzi ayi. Tikakwera ndege ku Lilongwe."

Apa ndiye phokoso linachita kunyanya. Atsikana anayimba nthungululu. Anyamata anatambasula manja n'kumathamanga uku akulira ngati injini. Prisca anangogwira pakamwa.

M'kalasi tsiku limenelo munalibe phunziro lina koma Likoma. Madamu anapachika mapu a Malawi pa bolodi. Anaika nsonga imodzi ya rula pa Lilongwe, ina pa kadontho kakang'ono kamene kanali m'nyanja, kufupi ndi gombe la Mozambiki.

"Mukadula molunjika chonchi, monga iulukira mbalame, ndi makilomita oposa mazana awiri pang'ono," anafotokoza. "Ndege yaing'ono imatenga pafupifupi ola limodzi."

"Ola limodzi, Madamu?" anafunsa mnyamata wina kumbuyo. "Ine ndikanyamuka kwathu wapansi, ola limatha ndisanaone n'komwe denga la sukulu ino!"

Kalasi yonse inaseka. Prisca naye anaseka, koma maso ake sanachoke pa kadontho kaja.

2. A Gidiyoni akana kukhulupirira

Ataweruka, Prisca sanapite kunyumba. Anathamangira ku sikimu ya Bwanje kumene makolo ake ankapuntha mpunga. Anafika ali wefuwefu, n'kuwafotokozera zonse mosapumira.

Amayi ake anataya lichero n'kuyamba kuvina pa lona pomwepo. Koma bambo ake, a Gidiyoni, anakhala pa thumba la mpunga n'kuvula chipewa.

"Bwereza bwino pamene wati ola limodzipo," anatero.

"Ola limodzi, ababa. Madamu atiwonetsa pa mapu."

"Mwanawe, Likoma ine ndikuidziwa. Ndinapitako ndili mnyamata, iwe usanabadwe, kukagulitsa chimanga. Tinakwera sitima pa Chipoka dzuwa lili pamutu. Tinayenda mpaka kunada. Ndinagona pamwamba pa matumba anga, mwera ukuomba, sitima ikupendama uku ndi uku. Zonse zimene ndinadya sabata imeneyo ndinazibweza m'nyanja. Kunacha tili pamadzi. Tinaima pa Nkhotakota kukweza anthu ndi mbuzi, n'kupitirira. Likoma tinamuona tsiku lachiwiri dzuwa litapendeka. Ndipo sitima siinafike kumtunda. Anatitsitsira m'mabwato, kenako tinayenda m'madzi ofika m'chiuno, thumba lili pamutu. Ola limodzi lakolo linatha tikungotsitsa katundu!"

Anthu amene ankapuntha m'minda yoyandikana anali atasiya ntchito n'kuwazungulira. Onse ankafuna kumva.

"Ndege siima panjira, ababa," anatero Prisca. "Kumwamba kulibe mafunde, kulibenso ma siteji."

A Gidiyoni anapukusa mutu, koma chimwemwe chinkaoneka pankhope pawo.

"Chabwino. Ukamadzadutsa pamwamba pa sikimu pano, udzatulutse dzanja pa zenera utibayibitse. Ine ndidzayala lona wabuluuyu kuti udzadziwe munda wathu."

"Ndege sidzera kuno, ababa. Ikachoka ku Lilongwe ilowera kumpoto chakum'mawa, cha ku Ntchisi ndi ku Nkhotakota. Ndiponso mazenera ake satsegula."

"Ndiye ndege yanji yosadziwa kwawo kwa munthu amene yanyamula?" anatero a Gidiyoni, anthu onse n'kufa nalo phwete.

Pofika madzulo, nkhani inali itafala midzi yonse mpaka ku Mtakataka. Ena ankati mwana wa a Gidiyoni akupita ku Ulaya. Ena ankati aziyendetsa yekha ndegeyo.

3. Mphatso ya achimwene a Lovemore

Litatsala tsiku limodzi kuti anyamuke, Prisca anapita ku msika wa Golomoti kukagula sopo ndi polishi wa nsapato. Akudutsa pa kashopu kotchajira mafoni, anamva wina akumuitana.

"Bwana payiloti! Mungatidutse chonchi osatipatsa moni?"

Anali Lovemore, mwini kashopuko. Anali mnyamata wamkulu ndithu, wovala bwino, wa njinga yamoto yofiira. Ana asukulu onse ankamutcha achimwene chifukwa ankawalola kumvera nyimbo pa shopu pake kwaulere.

"Zikomo achimwene, sindinakuoneni," anatero Prisca.

"Tamva nkhani yako, watinyaditsa tonse a pa Golomoti. Koma tandiuze, zithunzi ukajambula ndi chiyani?"

Prisca anayang'ana pansi. Kunyumba kwawo kunali foni imodzi yokha, ya mabatani, ya bambo ake.

"Ndilibe chojambulira," anayankha.

"Aaa! Ukakwere ndege, ukaone mitambo ili pansi pako, n'kubwerako opanda chithunzi? Adzakukhulupirira ndani?"

Lovemore anatsegula kabati n'kutulutsa foni yatachi yonyezimira. Anamujambula Prisca n'kumuonetsa. Chithunzicho chinali chowala bwino, mpaka mabatani a bulauzi ankaoneka.

"Tenga. Ndi yako, sindikubwereka ayi."

Prisca anailandira ndi manja awiri. Inali yoterera, yozizirira, yopepuka. Sanakhulupirire.

"Achimwene, ndikuthokozeni bwanji?"

"Palibe chothokozera. Ungondithandiza kanthu kamodzi kakang'ono." Lovemore anasuzumira kunja, kenako anawerama n'kutulutsa kaphukusi pansi pa kauntala. Kukula kwake kunali ngati paketi ya shuga. Kanali kokutidwa ndi pulasitiki wakuda, selotepi atazunguliza mbali zonse. "Ndili ndi mlongo wanga ku Likoma, dzina lake Salome. Akuvutika ndi m'mimba. Umu muli mankhwala azitsamba. Ndikatumiza pa basi ndi pa sitima afika sabata yamawa. Iwe ufika mu ola limodzi. Akakuchingamira pa bwalo la ndege."

"Ndikawauze Madamu kuti ndanyamula mankhwala a wodwala?"

"Ayi, usawavutitse. Aphunzitsi amachulutsa mafunso. Ungokaika pansi penipeni pa zovala zako, basi."

Prisca anazengereza pang'ono. Kenako anayang'ana foni ija. Anaika kaphukusiko mu jumbo pamodzi ndi sopo, n'kuuyamba wa kunyumba. Njira yonse ankajambula chilichonse: mlambe, ngolo ya ng'ombe, mapazi ake omwe.

4. Chenjezo la azakhali

Kunyumba anapeza kwabwera azakhali ake, a Namaliya, mlongo wawo wa a Gidiyoni. A Namaliya ankachita geni ya zitenje ku Mtakataka, ndipo anali atayenda maulendo ambiri okapikula katundu ku Tanzania. Anabwera pa kabaza kudzathandiza mwana wa mchimwene wawo kulongeza. Nthawi imeneyo anali pa khonde akusita yunifolomu ya Prisca ndi simbi.

"Makala akowa ndi abwino zedi," anatero. "Satulutsa utsi, sathethekanso. Tabwera ndikuone, mwana wokwera ndege iwe."

Prisca anagwada n'kuwapatsa moni. Kenako chisangalalo chinamupitirira. Anatulutsa foni ija.

"Azakhali, tayang'anani kuno ndikujambuleni!"

A Namaliya sanamwetulire. Anaimika simbi pa njerwa.

"Foni imeneyi waitenga kuti?"

Prisca anafotokoza za Lovemore, za mlongo wake wodwala, ndi za kaphukusi. Anakatulutsa mu jumbo n'kukaika pa mkeka. A Namaliya anakayang'ana osakakhudza.

"Waona zimene zili mkatimo?"

"Ayi, koma ati ndi mankhwala azitsamba."

"Sindinafunse zimene ati. Ndafunsa ngati waona ndi maso ako."

"Sindinaone, azakhali."

"Khala pansi apa," anatero a Namaliya. "Ndikuuza nkhani, ndipo umvetsere bwino, chifukwa iwe mawa ndi tsiku lako loyamba kukhala munthu wapaulendo, pamene ine ndakalambira m'mabasi.

"Ndinali ndi mnzanga dzina lake Bibiana, wa ku Mua. Tinkayendera limodzi geni ya zitenje. Anali mayi woopa Mulungu, wa ana atatu, wosadziwa kukana munthu. Tsiku lina tili pa depoti, kunabwera bambo wina wovala jekete labwino. Anati ali ndi katoni ya sopo yoti ipite kwa mkazi wake kutsidya kwa malire. Anamugulira Bibiana chakumwa ndi chipisi, anamulipirira mpando wa kutsogolo. Bibiana anavomera. Ine ndinamuuza kuti atsegule katoniyo, iye anati n'zamanyazi kukayikira munthu wamkulu.

"Titafika pa malire, apolisi anatsitsa katundu yense. Galu wawo anadumpha zikwama zonse n'kukaima pa katoni ija. Atatsegula, pamwamba panali sopo ndithu, koma pansi panali chamba. Anafunsa kuti, 'Katoni iyi ndi ya yani?' Kondakitala analoza Bibiana. Analira, anagubuduka, analumbira kuti wangotumidwa. Anamufunsa dzina la wotumayo, sankalidziwa bwino. Anaimba nambala yake, inali yothimitsa. Basi inanyamuka, mpando wake uli wopanda munthu. Ine ndi amene ndinakauza ana ake. Mwana wake wamng'ono anayamba sukulu mayi ake ali kundende.

"Prisca, mvetsa ichi. Pa ulendo, chilichonse chimene chili m'chikwama chako ndi chako. Kumeneko safunsa kuti wakupatsa ndani. Amafunsa kuti chikwama n'chayani. Munthu wotumiza mankhwala enieni sachita manyazi kukuonetsa. Munthu wofunira zabwino mwana wasukulu sanena kuti usauze aphunzitsi. Ndipo palibe amene amapereka foni yotere chifukwa chongonyamulirako zitsamba. Mwina umu muli mankhwaladi, ine sindikudziwa. Mwina ndi mankhwala obedwa kuchipatala, mwina ndi zina zoipa kuposa pamenepo. Koma taganiza, n'chifukwa chiyani wasankha iwe? Chifukwa uli mu yunifolomu. Chifukwa uli ndi nkhope ya mwana. Akudziwa kuti anthu sakayikira mtsikana amene wapambana mpikisano."

Prisca anayang'ana pansi. Foni inali pa miyendo pake.

"Ndiye kuti ndibweze ndi foni yomwe?" anafunsa ndi mawu otsika.

"Foni ndi phukusi zinabwera limodzi, mwana wanga. Ukasunga chimodzi, wasunga zonse."

Misozi inalengeza m'maso mwa Prisca. "Anzanga onse andiuza kuti ndikawajambulire mitambo. Ababa akufuna aone Likoma mmene alili masiku ano."

"Ndikudziwa kuti zikuwawa," anatero a Namaliya. "Bweretsa, ndikamubwezere ndine mnyamata ameneyo. Chinthu ichi chisagone m'nyumba muno."

Prisca anaitembenuza foni ija kangapo. Anatsegula zithunzi zimene anajambula panjira n'kuziyang'ana chimodzichimodzi. Kenako anaithimitsa n'kuimirira.

"Ayi, azakhali. Ndinalandira ndi manja anga. Ndikabweza ndekha. Inu mungondiperekeza."

5. Tsegulani ndione

Anafika pa Golomoti dzuwa likadalipo. A Namaliya anaima pa khomo la kashopu kaja atapinda manja. Prisca analowa. Munali anthu atatu odikira mafoni awo, nyimbo zikulira mokweza.

"Bwana payiloti abweranso!" anatero Lovemore. "Foni yavuta?"

Prisca anaika kaphukusi pa kauntala.

"Achimwene, tsegulani ndione zimene zili mkatimu. Ndikaona ndinyamula, ndipo ndikawauza Madamu."

Lovemore anatsitsa nyimbo msangamsanga. Anakokera kaphukusiko kwa iye n'kukaphimba ndi nyuzipepala.

"Iwe, zinthu zimenezi sitikambira pagulu," ananong'ona. "Mankhwala achikuda akatsegulidwa panjira amasukuluka. Sukudziwa zimenezo?"

"Ndiye sindinyamula."

"Ukundiyesa wakuba ine? Ine amene ndakupatsa foni?"

"Sindikukuyesani chilichonse, achimwene. Kungoti sindinganyamule chinthu chimene sindinachione."

Anthu atatu aja anali atatembenuka n'kumamvetsera. Lovemore anawayang'ana, anayang'ananso a Namaliya pa khomo, kenako anaseka mokakamiza.

"Chabwino, chabwino. Palibe mlandu. Foniyo sunga, tidzakambirana ukabwerako."

Prisca anaika foni pa kauntala, n'kuikankhira kwa iye.

"Zikomo, koma ayi."

"Udzanong'oneza bondo uli m'mwambamo," anatero Lovemore, nkhope itasintha.

Prisca anatembenuka n'kutuluka. Atafika pa msewu, a Namaliya anamugwira paphewa.

"Wachita ngati munthu wamkulu. Koma ntchito sinathe. Bambo ako ndiwauza ine. Iwe mawa uwauze Madamu zonse, usabise kanthu. Wamva?"

"Ndamva, azakhali."

6. Ola limodzi

M'mawa mwake pa siteji panadzaza anthu ngati pali ukwati. Amayi ake anamupatsa kathumba ka mpunga wa kilombero koti akapatse amene akamusunge. A Gidiyoni anamugwira dzanja nthawi yaitali.

"Ukapenye bwinobwino," anatero. "Ukabwera udzatiuze zonse, osadumpha."

Minibasi inakwera msewu wokhotakhota wa Khwekhwerere ikubuula. Munali mothithikana, ndipo Madamu Maseko anakhala kutsogolo, Prisca kumbuyo. Panalibe mpata wokambirana. Anadutsa Dedza, anafika mu Lilongwe, anakwera galimoto ina ya ku bwalo la ndege. Pofika kumeneko dzuwa linali pamutu.

"Waona?" anatero Madamu akuwongola msana. "Kuchoka kwathu kufika pano kwatidyera m'mawa wonse. Koma kuchoka pano kukafika ku Likoma, ufika usanamve njala."

Mkati mwa nyumba ya pa bwalo la ndege munali mowala ndi mozizira. Pa khomo lolowera kumene kuli ndege panaima mayi wa yunifolomu. Anayang'ana Prisca m'maso.

"Chikwamachi walongeza wekha?"

"Eya, ndi azakhali anga."

"Pali munthu amene wakupatsa katundu woti umunyamulire?"

Prisca anakumbukira kaphukusi kaja.

"Palibe. Zonse zili umu ndikuzidziwa."

Chikwama chinalowa m'makina ounikira. Bambo wina anayang'ana pa kanema n'kuona zonse za mkati, mpaka kathumba ka mpunga. Pambali panali wapolisi atagwira galu wamkulu. Galuyo ananunkhiza chikwama cha Prisca n'kupitirira. Prisca anatsegula pakamwa kuti awauze Madamu za dzulo, koma nthawi yomweyo anamva kuitana.

"Opita ku Likoma, tiyeni!"

Ndegeyo inali yaing'ono, yoyera, ya chopukusa chimodzi kumphuno. Mipando yake inali yochepa kuposa ya minibasi. Pa makwerero panaima mayi wamng'ono thupi, wa malaya oyera a mizere m'mapewa.

"Dzina langa ndine Ruth, ndine woyendetsa wanu," anatero. "Iwe ndiwe wa makala a mankhusu uja? Khala kumbuyo kwangaku kuti uziona bwino."

Prisca anayang'ana Madamu, n'kuyang'ananso mayiyo. "Muyendetsa ndinuyo?"

"Ndine ndemwe. Kwathu ndi ku Ntcheu, ndinaphunzira sukulu yoyendera ngati yakoyo. Manga lamba."

Injini inalira. Ndege inayenda pang'onopang'ono, inakhota, inaima. Kenako inaliyatsa liwiro loti Prisca sanalionepo. Msana wake unakanirira ku mpando. Udzu wa m'mbali unasanduka mzere umodzi wobiriwira. Mwadzidzidzi kugwedezeka kwa matayala kunatha, m'mimba mwake munachita ngati mwatsalira pansi.

"Mayo ine!" anakuwa. "Madamu, tauluka! Taulukadi!"

Azungu awiri amene anakhala kumbuyo anaseka n'kumuwombera m'manja. Madamu Maseko, amene ankaphunzitsa za ndege molimba mtima m'kalasi, anali atatsinzina, atagwira mpando ndi manja onse awiri.

Prisca anakanikiza chipumi pa zenera. Nyumba zinasanduka timabokosi ta machesi. Magalimoto ankayenda ngati nyerere. Minda inali ngati zigamba za nsalu zosokedwa pamodzi. Koma dziko linali lambee, mitengo ili patalipatali. Mwa apo ndi apo munali timagulu ta mitengo tobiriwira bii.

"Timitengo tosonkhana tija n'chiyani?" anafunsa mokweza.

"Ndi manda," anayankha a Ruth. "Ndi malo okhawo amene anthu amaopa kudula. Ndimawaona tsiku lililonse. N'chifukwa chake ndinakondwa nditamva za makala ako."

Anadutsa mapiri a Ntchisi. Analowa mu mtambo, kunja kunayera ngati ufa, ndege inadumphadumpha ngati ngolo pa mabampu. Atatulukamo, mitambo inali pansi pawo, mithunzi yake ikuyenda pa nkhalango ya Nkhotakota. Azungu aja ankajambula osalekeza. Prisca anamva kuwawa pang'ono pamtima. Anapukuta zenera ndi chigongono n'kupitiriza kuyang'ana.

Kenako mtunda unatha. Pansi ponse panali madzi okhaokha, abuluu woderako, onyezimira. Mabwato a asodzi ankaoneka ngati njere za mpunga zomwazika pa lona. Patali pakati pa nyanja panali zinthu zakuda zokwera kumwamba ngati utsi.

"Madzi akupsa!" anatero Prisca.

"Si moto umenewo, ndi nkhungu," anatero a Ruth akuseka. "Tizilombo timene timatuluka m'madzi. Anthu akuno amatigwira n'kupanga ndiwo."

Madamu anatsegula diso limodzi kuti aone nawo. Kenako anatulutsa foni yawo n'kumujambula Prisca ali pa zenera.

"Ichi chikhale cha bambo ako," anatero, n'kutsinzinanso.

Prisca anayesa kufunafuna sitima pamadzipo. Anakumbukira bambo ake atagona pa matumba a chimanga, mwera ukuomba. Madzi onse amene iwo anawoloka usana ndi usiku, iye ankawadutsa atakhala pa mpando wofewa, nsapato zili zouma.

Asanatope n'kuyang'ana, a Ruth analoza kutsogolo.

"Uyo Likoma. Mapiri ali kuseriwo ndi Mozambiki."

Chilumbacho chinali ngati ng'ona yogona pamadzi. Chinakula, chinakula. Panaoneka miyala, mchenga woyera, milambe yambirimbiri, ndi denga la tchalitchi chachikulu. Ndege inapendama n'kutsika. Matayala anagunda pansi n'kulira.

Madamu anayang'ana wotchi yawo. "Ola limodzi silinakwane n'komwe."

"Mphepo inali kumbuyo kwathu lero," anatero a Ruth.

7. Pa bwalo la Likoma

Kunja kunali kotentha, mphepo ikununkhira nyanja. Prisca anatsika makwerero. Ankafuna kukuwa, kuvina, kuuza aliyense kuti iye, mwana wa a Gidiyoni wa ku Golomoti, wadutsa pamwamba pa mitambo.

"Dikira pa mthunzi apo ndi chikwama chako," anatero Madamu. "Ndikatenge katoni ya makala athu, ndifunsenso za galimoto ya a bungwe."

"Madamu, pali nkhani ina yoti ndikuuzeni."

"Undiuza tikakhazikika. Ndikubwera pompano."

Prisca anakaima pansi pa mtengo pafupi ndi mpanda. Ankayang'anabe ndege ija, akumwetulira yekha. Sanaone kuti kumbuyo kwake kwaima njinga yamoto.

"Prisca wa a Gidiyoni?"

Anatembenuka. Anali mayi wamtali, wa magalasi akuda ndi ndolo zazikulu. Thupi lake linali la munthu wathanzi, wosadwala ngakhale chimfine.

"Ndine," anayankha Prisca. "Ndinu a bungwe?"

"Ine ndine Salome," anatero mayiyo akumwetulira. "Lovemore wandiimbira. Akuti iwe ndi mtsikana wochenjera kwambiri, wodziwa kufunsa mafunso pagulu. Ndiye ndati ndibwere ndidzakuone ndekha."

"Ine sindinanyamule kanthu kanu."

"Ndikudziwa. Za phukusi zisiye, zinatha. Koma ndege yako yobwerera ndi ya Loweruka, si choncho? Tili ndi nthawi yokwanira yoti tidziwane. Kwera apa ndikakuonetse chilumba chathu."

Prisca anayang'ana ku ndege. Madamu anali atatembenukira kwina, akulankhula ndi a Ruth. Prisca anabwerera m'mbuyo phazi limodzi, koma chikwama sichinamutsatire. Mayi uja anali atagwira kale lamba wake.

Prisca anakoka mpweya wonse umene anali nawo m'chifuwa.

"Madamu!"